Mafunso ndi Mayankho: Ng'ombe Yotsimphina ndi Kathabwa ka Pansi pa Chiboda

Mwezi uno makalata ambiri akukamba nkhani imodzi: ng'ombe ikutsimphina, mkaka watsika, ndipo mwini wake akufuna kudziwa ngati timatabwa tomata pansi pa ziboda, timene amalonda amatitcha hoof block, timathandizadi. Tasankhapo angapo. Kuti timvane, tikamati phazi tikunena phazi lonse la ng'ombe, ndipo tikamati chiboda tikunena chimodzi mwa ziwiri zija zimene zimaponda pansi, chakunja kapena chamkati.

FUNSO: Ng'ombe yanga inayamba kutsimphina mwendo wakumbuyo. Dokotala wa ziweto anapeza chilonda pansi pa chiboda chakunja, koma ndinadabwa kuona akumata kathabwa pa chiboda chamkati chimene chilibe vuto. Chilondacho anangochiwenga m'mbali n'kuchisiya poyera. Kodi sanalakwitse? *Bambo woweta ng'ombe zamkaka*

YANKHO: Bambo, dokotalayo anachita bwino. Akanamata kathabwako pa chiboda chodwala, bwenzi pano ng'ombe yanu ikukana n'kudzuka komwe. Kathabwa si mankhwala, komanso si chivundikiro cha bala. Ntchito yake ndi kukweza chiboda chabwino ndi masentimita 2 kapena 2.5, kuti chinzake chodwalacho chizilendewera m'mwamba osagunda pansi.

Mkati mwa chiboda muli fupa laling'ono. Pakati pa fupalo ndi chigoba cholimba chakunja pali mnofu wopyapyala wodzaza ndi timitsempha ta magazi, ndipo mnofu umenewu ndi umene umapanga chiboda chatsopano, pafupifupi mamilimita 5 pa mwezi. Ng'ombe ikaponda, fupa limakanikiza mnofuwo. Ukakanikizika mopitirira muyezo umavulala, umaleka kupanga chigoba pamalo amenewo, ndipo pamapeto pake pamabooka. Chilonda chimene dokotala anapeza chija chinabwera motero. Ng'ombe yamkaka yaikulu imalemera makilogalamu 500 mpaka 650, ndiye taganizani bala limene likupondedwa ndi katundu wotere tsiku lonse. Ngakhale mulipake mankhwala odula bwanji, silingapole mpaka litapumula.

Si zachilendo kuti vutoli linali ku chiboda chakunja. Pa ng'ombe khumi zotsimphina, pafupifupi zisanu ndi zinayi vuto limakhala kuphazi osati m'chiuno kapena m'bondo, ndipo zambiri mwa izo ndi mapazi akumbuyo, chiboda chakunja. Chibodachi ndicho chimalandira katundu wosinthasintha ng'ombe ikamayenda, choncho chimakula msanga, chimatalika kuposa chinzake, ndipo chikatalika chimasenzanso katundu wochuluka. Kumapazi akutsogolo kawirikawiri chimene chimavutika ndi chamkati.

Za kusiya bala poyera, nazonso anakhoza. Bandeji ya kuphazi kwa ng'ombe imanyowa tsiku lomwelo, imasunga ndowe pabala, ndipo ikaiwalika imadula khungu. Ngati pali chifukwa chomangira, monga magazi osaleka, bandejiyo ichoke pasanathe masiku atatu.

FUNSO: Ndili ndi ng'ombe 14 ndipo ndagula timatabwa ndi guluu wake, koma kapepala ka m'bokosi sikakulongosola zambiri. Chonde ndiuzeni mwatsatanetsatane momwe ndingamatire. *Mlimi wachinyamata*

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi chenjezo: koyamba mukhale ndi munthu amene anachitapo kale, chifukwa mpeni wa ziboda m'dzanja losazolowera umatha kuwononga kuposa matendawo. Koma ndondomeko yake ndi iyi.

Ikani zonse pafupi musanakweze mwendo: zingwe ziwiri zolimba, madzi ndi bulashi, mpeni wakuthwa wowengera ziboda, chopanira choyesera ululu chija amati hoof tester, tupa, nsalu youma, sipiriti, magolovesi, guluu ndi kathabwa. Ng'ombe siyenera kuima ndi miyendo itatu kwinaku inu mukufunafuna tupa. Ilowetseni mu mpanda wopanira, mutu umangidwe, ndipo pansi pa chifuwa pakhale lamba woti aigwire ikafuna kugwa. Mwendo wakumbuyo umakwezedwa ndi chingwe chomangidwa pamwamba pa mfundo ija yoloza kumbuyo, chingwecho n'kudutsa pa mtanda wa pamwamba. Kenako mangirirani phazi pa mtengo kuti lisamagwedezeke.

Tsukani phazi lonse, pakati pa ziboda pomwe, ndipo muyang'ane ngati pali mwala, msomali kapena minga. Kenako panani chiboda chilichonse ndi chopanira chija, kunsonga, pakati ndi kuchidendene. Pamene pakupweteka ng'ombe imakoka mwendo. Apa ndi pamene ambiri amadumpha, koma ndi pofunika kwambiri: chiboda chimene mukufuna kumatapo kathabwa chidzasenza katundu wa ziwiri, choncho chiyenera kukhala chabwino ndithu. Ng'ombe ikakoka mwendo mukapana chiboda chimenecho, kapena mukaonapo mng'alu, dontho lalikulu lofiira kapena pansi pofewa potobwanyika ndi chala, musamatepo.

Yambani ndi chiboda chodwala. Pali njira yowengera ziboda imene inakonzedwa ku Netherlands ndi dokotala wa ziweto E. Toussaint Raven, imene ambiri amatsata mpaka lero. Mwa njira imeneyi khoma lakutsogolo la chiboda, kuchokera pamene chigoba chayambira kulimba mpaka kunsonga, lisafupike kuposa masentimita 7.5, ndipo kwa ng'ombe zazikulu ndi zokalamba ndi bwino kusiya 8.5 kapena 9. Pansi pa chiboda kunsongako pakhale pochindikala mamilimita 5 mpaka 7. Mukatero, tsitsani pang'ono chidendene cha chiboda chodwalacho kuti chifupike kuyerekeza ndi chinzake. Ndiye chotsani chigoba chonse chimene chalekana ndi mnofu kuzungulira bala, chifukwa m'mphako zotere ndi mmene mumabisala ndowe ndi mafinya. M'mbali mwa bala muzipyapyalitsa pang'onopang'ono motsetsereka, osasiya dzenje lakuya la m'mbali zakuthwa, pakuti dzenje lotere limadzaza dothi ndipo m'mbali mwakemo mumatsina mnofu. Mnofu wofiira musaudule, musauwotche ndi chitsulo chamoto, ndipo musauthire copper sulphate kapena formalin. Zinthu zimenezi zimapha mnofu womwewo umene mukudikira kuti upange chiboda chatsopano.

Tsopano chiboda chabwino. Musachiwenge kwambiri, makamaka kuchidendene, chifukwa kutalika kwake ndi kumene mukufuna. Ingochipalani ndi tupa mpaka pansi pakhale pathyathyathya ndiponso pakhakhala, dothi ndi chigoba chofumbutuka zitachoka. Palaninso khoma lakunja m'munsi mwake ngati masentimita awiri kuti guluu apeze pogwira. Pukutani ndi nsalu youma, thirani sipiriti, dikirani aume. Ngati muli ndi chowumitsira tsitsi kapena makina ouzira mpweya wotentha, uzirani kwa kanthawi kochepa, osayandikitsa kwambiri. Mukatha apa musakhudzenso pamenepo ndi dzanja, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimalepheretsa guluu kugwira.

Yesani kathabwa musanathire guluu. Timatabwa tambiri timakhala totalika masentimita 11 kapena 13, ndipo mulifupi pafupifupi 5. Kasankheni koti kumbuyo kwake kafike pansi pa chidendene. Kutsogolo kalingane ndi nsonga ya chiboda kapena kabwerere m'mbuyo pang'ono. M'mbali mwake mwamkati mulingane ndi khoma lamkati la chiboda, kasalowe pa mpata wa pakati pa ziboda. Kakhale chathyathyathya, koti ng'ombe ikaponda kagone pansi konse, osapendekera mkati kapena kunja.

Guluu alipo wa mitundu iwiri yodziwika. Wina ndi wa ufa ndi madzi ake, wa methyl methacrylate, monga Technovit kapena Demotec. Mumasakaniza m'kapu molingana ndi muyezo wolembedwa mpaka alimbe ngati mankhwala otsukira mano, ndipo amauma pa mphindi zitatu mpaka zisanu kukamafunda, koma kukazizira amachedwa. Akamauma amatentha, musadabwe nazo, ndipo fungo lake ndi lamphamvu, choncho gwirirani ntchito pamalo popita mphepo. Wina ndi wa polyurethane, monga Bovi-Bond, amene amabwera m'machubu awiri ophatikizana ndipo amafinyidwa ndi kamfuti kake kudzera pa kamlomo kosakanizira. Ameneyu amayamba kugwira pa masekondi ngati 30, ndiye sapereka mpata wolingalira. Woyamba kutuluka mutaye pambali chifukwa amakhala asanasakanizike bwino.

Pakani guluu pa kathabwa kapena pa chiboda, ikani kathabwa pamalo pake, ndipo mukanikize pang'ono chabe. Pakati pa thabwa ndi chiboda patsale guluu wochindikala mamilimita 3 mpaka 5. Wotuluka m'mbali mumukwezere pa khoma lakunja ndi kunsonga kuti akumbatire chiboda. Pansi pa chidendene chofewa chija musaikepo guluu, siyani ngati masentimita awiri, chifukwa guluu akauma amalimba ngati mwala ndipo amavulaza malo ofewawo. Wolowa pakati pa ziboda mumuchotse asanaume. Gwirani kathabwa osakasuntha mpaka guluu alimbe moti chikhadabo chanu sichikulowa, dikiraninso mphindi ziwiri kapena zitatu, ndiyeno tsitsani mwendo pang'onopang'ono. Ng'ombe ikaponda, weramani muone: pansi pa chiboda chodwala payenera kukhala mpata wooneka.

FUNSO: Ndamata kathabwa kawiri konse koma kakugwa pasanathe masiku atatu. Kodi guluu wake ndi wachinyengo? *Mayi woweta ng'ombe zitatu*

YANKHO: Mayi, zikhoza kutheka ngati guluuyo anapitirira tsiku lake kapena anasungidwa padzuwa, koma nthawi zambiri wolakwa si guluu. Kathabwa kakagwa katoleni mukaone, kamanena kokha chimene chinachitika.

Ngati guluu yense wapita ndi thabwa, chiboda n'kutsala choyera, ndiye kuti chibodacho chinali chonyowa, chamafuta kapena chosalala. Ili ndilo vuto lofala kuposa onse. Chiboda chimamwa madzi, ndipo ng'ombe imene yachokera m'matope, ngakhale muipukute pamwamba, mkati mwa chigoba mumakhalabe chinyezi. Iimikeni pouma kwa maola angapo musanayambe, ndipo ngati mwatsuka phazi ndi madzi muumitse modekha. Ngati guluu watsala pa chiboda koma thabwa lachoka loyera, ndiye kuti thabwalo linali lonyowa, lafumbi kapena lopanda mizere yogwirira guluu. Ngati guluu wagawanika pakati kapena akufumbutuka, mwina simunasakanize bwino, mwina munasuntha kathabwa guluu ali mkati mouma, kapena munatsitsa mwendo msanga. Ngati guluu akuoneka wopyapyala ngati pepala, munakanikiza kwambiri mpaka yense anathawira m'mbali.

Onaninso malo amene munakaika. Kathabwa kotulukira kutsogolo kwa nsonga kamakola pansi ng'ombe ikamaponya mwendo, ndipo kamazuka ngati msomali wokokedwa ndi hamala. Koikidwa kutsogolo kwambiri kali ndi choipa china chachikulu: chidendene chimasowa pogona, ng'ombe imapendekera kumbuyo, nsonga imaloza m'mwamba, mitsempha ya kumbuyo kwa mwendo imakokeka, ndipo chidendene cha chiboda chodwala chija chimayambanso kugunda pansi. Pamenepo ngakhale kathabwa kasagwe, ntchito yake yapita pachabe.

Kukazizira, ikani guluu ndi kathabwa pamalo ofunda musanayambe. Ndipo tsiku loyamba ng'ombe isalowe m'matope akuya.

FUNSO: Phazi la ng'ombe yanga latupa usiku umodzi wokha, pakati pa ziboda pang'ambika ndipo pakununkha. Ndimate kathabwa mbali iti? *Mlimi wodandaula*

YANKHO: Musamate mbali iliyonse, bambo, itanani dokotala lero lomwe. Zimene mwalongosolazi ndi matenda oola phazi, amene amayamba tizilombo totchedwa Fusobacterium necrophorum tikalowa pa khungu la pakati pa ziboda limene lacheka ndi mwala, chitsa kapena lafewa ndi matope. Chizindikiro chake ndi chomwecho: kutupa kwadzidzidzi kofanana mbali zonse ziwiri, ziboda kutalikirana, fungo loipa, ndipo nthawi zina thupi kutentha ndi kusadya. Vuto lili pa khungu ndi mnofu, osati pansi pa chiboda, choncho palibe chimene kathabwa kangapumuze. Amafunika jakisoni wa mankhwala opha tizilombo, monga penicillin kapena oxytetracycline, kutsuka pabalapo ndi kuimika ng'ombe pouma. Mukayamba msanga, kusintha kumaoneka pa masiku awiri kapena atatu. Mukachedwa, tizilombo timalowa mu mfundo.

Popeza ambiri amasokoneza, tisiyanitse. Kathabwa kamathandiza pa mavuto a chigoba cha chiboda chimodzi: chilonda cha pansi pa chiboda, chilonda cha kunsonga, mng'alu kapena chithupsa cha pa mzere woyera uja umene umalumikiza khoma ndi pansi pa chiboda, kuvulala kwa mkati kooneka ngati madontho ofiira kapena achikasu, kubayidwa ndi msomali kapena minga, ndi khoma long'ambika. Kamathandizanso fupa la m'chiboda likathyoka, koma zimenezo azindikire ndi dokotala.

Sikathandiza pa chilonda chozungulira, chofiira ndi chokhakhala chimene chimamera pa khungu kumbuyo kwa phazi pamwamba pa zidendene, chija amati digital dermatitis. Chimenecho chimafuna kutsukidwa, kuumitsidwa ndi kupoperedwa mankhwala kwa masiku atatu otsatizana, ndipo chimapatsirana.

Pali zizindikiro ziwiri zimene muyenera kuziopa. Choyamba, kutupa kwa mbali imodzi yokha pamwamba pa chiboda chimodzi, ng'ombe ikukaniratu kuponda, mwina mafinya akutulukira pamene ubweya wathera. Apa matenda afika mu mfundo kapena mu mtsempha, ndipo dokotala angafunike kuchita opaleshoni, ngakhale kudula chibodacho. Chachiwiri, ng'ombe zingapo kutsimphina nthawi imodzi, zikuchucha dovu, zili ndi matuza m'kamwa, pa mawere ndi pakati pa ziboda. Amenewo akhoza kukhala matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Musasunthe chiweto chilichonse, ndipo dziwitsani akuluakulu a zaziweto nthawi yomweyo.

FUNSO: Kodi sindingaseme ndekha kathabwa n'kukakhomera ndi misomali kapena kumata ndi guluu wa akalipentala? *Mmisiri wa matabwa amene amawetanso ng'ombe*

YANKHO: Kusema mukhoza. Sankhani mtengo wolimba ndi wouma bwino, mudule molingana ndi chiboda, kochindikala masentimita 2 mpaka 2.5, ndipo mucheke timizere topingasana mbali zonse ziwiri, ina yogwirira guluu, ina yoti ng'ombe isaterereke. Mtengo wofewa umatha masiku ochepa. Koma guluu wa akalipentala ayi: amachedwa kuuma, amasungunuka m'chinyezi, ndipo sadzaza mipata ya pakati pa thabwa ndi chiboda. Misomali tikukuletsani. Khoma la chiboda cha ng'ombe ndi lopyapyala, ndipo msomali ukaphonya pang'ono umalowa mu mnofu wa chiboda chokhacho chimene ng'ombe yatsala nacho choponda.

FUNSO: Kathabwa kakhala milungu isanu ndi iwiri ndipo sikakugwa. Poyamba ng'ombe inkayenda bwino, koma tsopano yayambanso kutsimphina mwendo womwewo. Nditani? *Mayi wa ng'ombe ya Friesian*

YANKHO: Kachotseni mawa, mayi, ndipo muyang'ane pansi pake. Kathabwa kayenera kukhala milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Nthawi imeneyi imakwanira kuti bala wamba likutidwe ndi chigoba chatsopano. Kupitirira apo kamayamba kuvulaza chiboda chimene chakasenza, chifukwa chibodacho chanyamula katundu wa ziwiri kwa nthawi yaitali. Komanso thabwa silitha mofanana. Kawirikawiri limadyeka kumbuyo kapena mbali imodzi, n'kukhala lopendekera moti limapotoza phazi pa kuponda kulikonse.

Kuchotsa kwake, kwezani mwendo monga munachitira pomata. Kathabwa ka mtengo mukhoza kukang'amba ndi tchizulo ndi hamala motsata mitsitsi ya thabwa, kapena kukabenthula pang'onopang'ono ndi chopanira chodulira ziboda. Menyani cham'mbali, osati molunjika ku chiboda. Guluu wotsala mupale ndi tupa mpaka pasalale, kenako panani chibodacho ndi hoof tester. Ngati bala loyamba lija latsekeka ndi chigoba cholimba, linganizani ziboda ziwirizo, koma chimene chinadwala chikhale chofupikirapo pang'ono kuchidendene. Ngati silinatsekeke ndipo chiboda chabwino chikadali bwino, wenganinso m'mbali mwa bala n'kumata kathabwa katsopano. Ngati ziboda zonse ziwiri zili ndi mabala, musamatenso. Ng'ombeyo ikhale pa udzu wouma wochindikala kapena pa mchenga, madzi ndi chakudya zili pafupi, ndipo dokotala aione.

Kwa ena onse amene mwangomata kumene: ng'ombe iyenera kuyenda bwinoko tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ikatsimphina kwambiri kuposa poyamba, musadikire milungu inayi. Mwina chiboda chimene munachiyesa chabwino chinali ndi vuto lobisika, mwina guluu akubaya chidendene, ndipo kathabwako kachoke msanga. Muziyang'ana sabata iliyonse ngati mpata uja pansi pa chiboda chodwala ukadalipo. Ng'ombe yoyenda mtunda wautali pa njira ya miyala kapena simenti yokhakhala imatha kudya thabwa m'milungu iwiri, ndipo yotereyi imayenera kathabwa ka labala yolimba kapena kansapato ka pulasitiki kovala chiboda chonse. Ng'ombe yokoka ngolo kapena pulawo ipume pa goli mpaka kathabwa katachoka.

FUNSO: Nditamata kathabwa ndibayenso jakisoni wanji? Anzanga akuti oxytetracycline amachiza kutsimphina kulikonse. *Mlimi wa m'gulu la alimi a mkaka*

YANKHO: Anzanuwo akukusocheretsani. Chilonda cha pansi pa chiboda ndi mng'alu wa mzere woyera zimayamba chifukwa cha kukanikizika, osati tizilombo, ndipo ngati phazi silinatupe pamwamba pa chiboda, mankhwala opha tizilombo sathandiza kanthu. Mumangotaya mkaka wa masiku amene suloledwa kumwedwa ng'ombe ikabayidwa, ndi kuzoloweretsa tizilombo mankhwala. Chimene ng'ombeyi ikufuna ndi mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa.

Pa nkhaniyi pali kafukufuku wa University of Nottingham ku England, amene anasindikizidwa mu 2015. Anatenga ng'ombe zimene zinangoyamba kumene kutsimphina chifukwa cha mabala a chigoba, n'kuzionanso patatha masiku 35. Mwa zimene zinangowengedwa ziboda, zinachira pafupifupi 24 pa 100 zilizonse. Zowengedwa ndi kumatidwa kathabwa, pafupifupi 36. Zowengedwa, kumatidwa kathabwa ndi kubayidwa mankhwala ochepetsa ululu otchedwa ketoprofen kwa masiku atatu, pafupifupi 56 pa 100. Zinthu zitatuzi zimayendera limodzi.

Muyezo wozolowereka wa ketoprofen ndi mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa ng'ombe, kamodzi pa tsiku, osapitirira masiku atatu. Wa meloxicam, mankhwala enanso ochepetsa ululu, ndi mamiligalamu 0.5 pa kilogalamu, kamodzi kokha. Musaphatikize awiriwa, musabaye ng'ombe imene yatha madzi m'thupi, ndipo werengani pa botolo masiku amene mkaka ndi nyama siziyenera kugwiritsidwa ntchito. Mlingo weniweni wa m'sirinji akuuzeni dokotala, chifukwa mabotolo amasiyana mphamvu.

Chinanso chimene chimatiwawa mtima ndi kuchedwa. Ng'ombe imabisa ululu, ndipo pamene mwini wake akuti "yayamba kutsimphina" nthawi zambiri imakhala itavutika kale milungu. Kutupa kwa m'chiboda kukakhalitsa, fupa lija limamera timinga ta fupa kumunsi kwake, timene sitichokanso, ndipo timapitiriza kubaya mnofu moyo wonse wa ng'ombeyo. N'chifukwa chake yotsimphina kwa miyezi imavuta kuchira ngakhale muichitire zonse. Muziona ng'ombe zanu zikuyenda pamalo athyathyathya kamodzi pa milungu iwiri. Msana wopindika ngati uta poyenda, mutu wogwedezeka ndi kuponda kulikonse, mapazi akumbuyo osafika pamene akutsogolo anaponda, kutsalira m'mbuyo mwa zinzake: mukaona zimenezi kwezani phazi pasanathe masiku awiri.

FUNSO: Chaka chilichonse ng'ombe zanga zimatsimphina patatha miyezi iwiri kapena itatu zitabereka. Ndatopa ndi kumata timatabwa. Gwero lake n'chiyani? *Bambo wa khola la simenti*

YANKHO: Bala limene mukuliona mwezi wachitatu linayamba masiku obereka. Nthawi imeneyo thupi la ng'ombe limafewetsa mitsempha kuti mwana atuluke, ndipo timitsempha togwira fupa la m'chiboda natonso timafewa, fupalo n'kutsikira pa mnofu. Popeza chigoba chimakula mamilimita 5 okha pa mwezi, chovulalacho chimatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti chifike poonekera. Pansi pa fupalo palinso kamtsamiro ka mafuta kamene kamachepetsa kugunda. Ng'ombe ikaonda kwambiri itabereka, kamtsamiroko kamapyapyala. Ndiye ng'ombe yowonda, yongobereka kumene, yoima pa simenti tsiku lonse, ndiyo imadzafuna kathabwa.

Yambirani pogona. Ng'ombe yamkaka imafuna kugona maola 12 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo imagona pokhapokha malo ali ofewa, ouma ndi okwanira thupi lake. Yesani kugwada nokha pogona pake: mawondo akapweteka kapena akanyowa, ng'ombenso pakuipweteka. Milungu itatu isanabereke ndi milungu inayi itabereka ikhale pa udzu wochindikala kapena pa mchenga, makamaka imene ikubereka koyamba. Pokama isaime pa mzere nthawi yaitali. Njira zake zisakhale ndi timiyala takuthwa, makamaka timiyala tomwazika pa simenti, chifukwa ndi timene timalowa mu mzere woyera. Poziyendetsa musazithamangitse ndi ndodo kapena agalu. Ng'ombe yoyenda mwa kufuna kwake imaweramitsa mutu n'kusankha poponda, koma yopanikizidwa imadzutsa mutu n'kuponda paliponse, ndipo ikakhota mwadzidzidzi pa simenti khoma la chiboda limakanganuka.

Ndowe ndi mkodzo zimafewetsa chigoba, choncho palani khola kawiri pa tsiku ndipo madzi azikhala ndi kolowera. Wengani ziboda pamene mukuisiyitsa kukama, miyezi iwiri isanabereke, ndipo muzionenso pakati pa masiku 60 ndi 100 itabereka. Chakudya chikhale chokwanira kuti isagwe thupi msanga, ndipo musachisinthe mwadzidzidzi. Ngati vuto lanu lalikulu ndi mzere woyera, vitamini wotchedwa biotin wa mamiligalamu 20 pa ng'ombe pa tsiku amalimbitsa chigoba, koma phindu lake limaoneka patatha miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, pamene chiboda chatsopano chafika pansi.

Dziwe losambitsira mapazi, la copper sulphate wa magalamu 500 pa malita 10 a madzi, lotalika mamita atatu ndi lakuya masentimita 10, limateteza ku matenda a pakhungu aja, osati ku zilonda za pansi pa chiboda. Ng'ombe imene ili ndi kathabwa ndi bala losatsekeka muziilambalalitsa dziwelo mpaka chigoba chatsopano chitakuta mnofu wonse.